BERE LA MADZI: MBUZI YOONEKA YA BERE KOMA YOSASWA

Mlimi wa chimanga ndi fodya ndi munthu wodziwa kuwerenga masiku. Amadziwa tsiku limene anafesa nazale yake, amadziwa nthawi yookera, ndipo salakwitsa sabata yothira feteleza wachiwiri. Koma ife alangizi tikamufunsa mlimi yemweyo kuti, "Kodi bambo, mkota wanu uja unakweredwa liti?" kawirikawiri amatiyankha kuti, "Kaya, koma mimba yokha yakula ndithu, uswa posachedwa." Nkhani yathu ya mwezi uno yagona pa yankho limeneli, pakuti mimba ya mbuzi imatha kunamiza mwini wake kwa miyezi isanu kapena kuposerapo.

M'maboma a Machinga ndi Balaka mbuzi ndi nkhokwe yachiwiri ya banja. Dera lalikulu la maboma awiriwa, amene anali boma limodzi kufikira chaka cha 1998, ndi lotentha ndiponso la mvula yosadalirika, makamaka cha ku Phalula, ku Utale ndi m'chigwa cha Shire. Chimanga chikapserera, kapena ndalama za fodya zikachedwa kufika kuchokera ku okushoni, mbuzi ndiyo imapita kumsika wa ku Ulongwe, wa ku Liwonde kapena wa ku Ntaja, nikasanduka thumba la chimanga, fizi ya mwana kapena feteleza. Motero mbuzi yaikazi ikaleka kuswa, chuma cha banja chimaima pamodzi nayo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Bere la mbuzi limatenga masiku pafupifupi 150, ndiyo miyezi isanu. Mkota wodyetsedwa bwino, ukayamwitsa miyezi itatu ndi kukweredwanso, ungathe kuswa katatu pa zaka ziwiri. Tsono mkota umene wakhala miyezi isanu ukuoneka wa bere, pamene m'kati mulibe mwana, wamutayitsa mwini wake pafupifupi kuswa kumodzi mwa kutatu kuja. Madeya amene anaupatsa, ndi ntchito yonse youmangirira ndi kuumasula, zapita pachabe.

Kodi Bere la Madzi N'chiyani?

Pali vuto limene madokotala a ziweto amalitcha hydrometra, ndiko kunena kuti madzi m'chiberekero. M'nkhani muno tilitcha bere la madzi, kapena bere lonama. Mbuzi imaleka kufuna tonde, mimba imakula, nthawi zina mawere amadzaza, ndipo imadya bwino ndi kuyenda monga ya bere lenileni. Koma m'chiberekero mwake muli madzi okhaokha, oyera kapena otuwira pang'ono, opanda fungo. Madziwo angathe kukwana lita imodzi, ndipo mu mbuzi zazikulu za mkaka amafika malita asanu kapena kuposa apo.

Kuti timvetse chiyambi chake, tiyenera kudziwa zimene zimachitika m'thupi la mbuzi yaikazi. Pa masiku 21 alionse mbuzi imene ilibe bere imafuna tonde, ndipo pa nthawiyo dzira limatuluka m'kachiwalo kosunga mazira. Pamalo pamene dziralo latuluka pamamera kanthu kakang'ono kachikasu. Kanthu kameneka tingakayerekeze ndi mlonda. Ntchito yake ndi kutumiza m'magazi homoni yotchedwa progesterone, imene imauza thupi lonse kuti, "Tsekani khomo la chiberekero, musafunenso tonde, muno muli mwana."

Ngati mbuzi sinatenge bere, pakatha masabata awiri ndi masiku pang'ono chiberekero chimatulutsa mankhwala ake achibadwa otchedwa prostaglandin. Mankhwalawo amasungunula kanthu kachikasu kaja, mlonda amachoka, ndipo mbuzi imafunanso tonde. Ngati yatenga bere, mlonda amakhalabe pa ntchito miyezi isanu yonse. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzabwererakonso: mu mbuzi, bere limadalira kanthu kachikasuka kuyambira tsiku loyamba kufikira tsiku loswa.

Bere la madzi limayamba pamene mlonda wakana kuchoka chikhalirecho m'nkhokwe mulibe kanthu. Khomo la chiberekero limakhala chitsekere, ndipo madzi amene chiberekero chimatulutsa amasowa kolowera, nayamba kudzadza. Zimenezi zimachitika m'njira ziwiri. Njira yoyamba: mbuzi inakweredwa nitenga bere, koma kamwanako kanafa kakali kakang'ono zedi ndi kusungunuka, pamene kanthu kachikasu kaja kanatsala. Njira yachiwiri: mbuzi sinakweredwe konse, koma inadutsa nthawi yofuna tonde, ndipo kanthu kachikasuko sikanasungunuke. N'chifukwa chake mbuzi imene yakhala pa chingwe dzinja lonse, osakumana ndi tonde, ingathe kudabwitsa mwini wake ndi mimba yaikulu.

Zindikirani kuti vutoli silibwera ndi kachilombo. Silipatsirana m'khola, ndipo mbuzi yogwidwa nalo siidwala kapena kutentha thupi.

Mbuzi Zimene Zimagwidwa Kawirikawiri

Vuto limeneli limadziwika kwambiri pakati pa mbuzi za mkaka, monga za mtundu wa Saanen, zoyera zija zimene kwawo kwenikweni ndi ku Switzerland. M'chaka cha 1993 dokotala wa ziweto wa ku Netherlands, J. W. Hesselink, anasindikiza zimene anapeza m'makola a mbuzi za mkaka m'dziko lakwawo. Mwa mbuzi 100 zilizonse, pafupifupi 9 zinali ndi bere la madzi, ndipo panali pena pamene chiwerengero chinafika 20. Anapezanso kuti mikota yaikulu msinkhu imagwidwa kwambiri kuposa misoti imene yangoyamba kumene kuswa. Alimi a mbuzi a ku Britain vutoli amalitcha cloudburst, kutanthauza kung'ambika kwa mtambo wa mvula, chifukwa cha mmene madziwo amakhuthukira tsiku limene atuluka.

Ziwerengero zimenezi n'za mbuzi za mkaka za ku Ulaya, ndipo tisaziike pa mbuzi zathu zamakolo, zimene zimaswa nyengo iliyonse ya chaka. Komabe thupi la mbuzi ndi limodzimodzi kulikonse, ndipo m'makola mwathu mwalowa kale magazi a mbuzi za kunja, monga Boer za ku South Africa ndi Saanen zomwezo. Mlimi amene ali ndi mbuzi za mitundu imeneyi, kapena mikota yokalamba, kapena amene amachedwetsa dala kukweretsa mbuzi kuti azikama nthawi yaitali, akhale tcheru koposa anzake.

Palinso umboni wakuti vutoli limayenda m'mtundu. Ana aakazi a mkota umene unagwidwapo amagwidwa kawirikawiri kuposa ana a mikota ina.

Si Mimba Yaikulu Iliyonse Imene Ili Bere

Tisanathamangire kunena kuti mbuzi ili ndi bere la madzi, tiyenera kuchotsa poyamba zifukwa zina zokulitsa mimba, zimene timakumana nazo tsiku ndi tsiku m'midzi yathu.

Choyamba ndi kukhuta chabe. Chifu chachikulu cha mbuzi chili kudzanja lamanzere. Tikakolola chimanga ndi kumasula ziweto, mbuzi zimadya mapesi ndi nyemba za msangu tsiku lonse, ndipo madzulo zimalowa m'khola mimba zili tolotolo. Mukaziona m'mawa zisanatuluke, mimba ija yaphwa. Chiberekero chodzaza chimakankhira kudzanja lamanja ndi kunsi, ndipo sichiphwa usiku.

Chachiwiri ndi mpweya wotsekeredwa m'chifu. Mbuzi ikadya msipu wanthete wa mvula yoyamba mopitirira, kapena ikaba madeya kapena chimanga chambiri, mimba imatupa pa maola ochepa okha, makamaka kumanzere. Mukaimenya ndi chala imalira ngati ng'oma, ndipo mbuzi imapuma movutikira. Imeneyi ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Itanani mlangizi wa ziweto msanga.

Chachitatu ndi njoka za m'mimba, zimene zimachuluka m'dzinja, makamaka pamene mbuzi imangiriridwa pamalo amodzimodzi masiku ambiri. Mbuzi yotere imaonda pamsana, ubweya umanyankhalala, m'kati mwa zikope mumayera, ndipo nthawi zina pansi pa chibwano pamatupa. Mimba imalendewera, koma thupi lonse likuchitira umboni kuti mbuziyo ikudwala.

Chachinayi ndi majumbo. Mbuzi zoyendayenda m'misika, monga pa Balaka ndi pa Liwonde, zimameza mapepala a pulasitiki amene anakulungira mchere kapena zakudya. Mapepalawo sagayika. Amaunjikana m'chifu, mimba nikula ndi kuuma, pamene mbuzi ikuonderaonderabe.

Chachisanu ndi mwana wofera m'mimba kapena mafinya m'chiberekero. Mwana akafa ali wamkulu angathe kuuma m'kati momwemo osatuluka, ndipo mbuzi imapitirira nthawi yake yoswa. Akawola, mbuzi imatentha thupi, imaleka kudya, ndipo kumaliseche kumatuluka zonunkha.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kupoloza kobisika. Mbuzi inali ndi bere lenileni, koma inataya mwana kutchire, agalu nadya zonse mwini wake asanaone. Apa mimba imaphwa, ndipo kumchira kumatsala magazi ouma.

Mbuzi ya bere la madzi imasiyana ndi zodwala zonsezi chifukwa imaoneka yathanzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mmene Tingadziwire

Chida choyamba ndi pensulo. M'chilimwe mbuzi za mudzi wonse zimadyera pamodzi ndipo tonde amakwera mwini mbuzi osadziwa, koma mlimi amene amayang'ana ziweto zake m'mawa ndi madzulo adzaona zizindikiro. Mbuzi yofuna tonde imalira kosalekeza, imagwedeza mchira kawirikawiri, kumaliseche kumafiira ndi kutupa pang'ono, ndipo tonde akaikwera imaima osathawa. Zimenezi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Lembani tsikulo m'buku lomwe lija mumalembamo za fodya. Ngati m'nyumba mulibe wolemba, mwana wa sukulu akuthandizeni.

Tiyerekeze kuti mkota wakweredwa pa 1 Juni. Pakati pa 19 ndi 25 Juni muuyang'anitsitse. Ukafunanso tonde ndiye kuti sunatenge, ndipo muukweretsenso. Ukapanda kufuna tonde, pali zinthu ziwiri: mwina watenga bere lenileni, mwina mlonda uja watsalira pa nkhokwe yopanda kanthu. Pa nthawi imeneyi maso sangathe kusiyanitsa. Bere lenileni lidzatha cha pa 29 Okutobala, kapena masiku asanu lisanafike tsikulo, kapena masiku asanu litapita.

Chida chachiwiri ndi dzanja. Masiku 100 akakwana, ndiko kuti cha pa 9 Seputembala m'chitsanzo chathu, mwana amakhala atakula ndithu. M'mawa mbuzi isanadye, mnzanu aigwire iime bwino. Ikani dzanja lanu kunsi kwa mimba kudzanja lamanja, kutsogolo pang'ono kwa mawere, ndipo mukankhire m'kati mofatsa ndi kuleka dzanja pomwepo. Ngati muli mwana, mudzamva chinthu cholimba chikuchoka ndi kubwereranso kudzagunda dzanja lanu. M'mwezi wotsiriza mungathe kuona ndi maso mwana akutakataka kudzanja lamanja pamene mbuzi yagona. Ngati muli madzi okha, mimba imamveka yofewa monse, ndipo mukakankha mbali imodzi madzi amagavira mbali inayo. Musafinye ndi mphamvu kapena kumenya, kuopa kupweteka mwana.

Koma tichenjeze pano. Mukamva mwana, mwadziwa zoona. Mukapanda kumumva, simunadziwe kanthu, pakuti mwana angathe kubisala kuseri kwa chifu, makamaka mu mbuzi yonenepa. Mawere nawonso sapereka umboni wokwanira, popeza amatha kudzaza pa bere la madzi lomwe.

Chida chachitatu ndi makina ounikira m'mimba, onga aja amaunikira nawo amayi oyembekezera m'zipatala. M'chaka cha 1986 akatswiri awiri a ku Utrecht, M. C. Pieterse ndi M. A. M. Taverne, anafotokoza mmene makinawa amaonetsera bere la madzi mu mbuzi. Pakapita masiku 40 chikwerereni tonde, makinawo amaonetsa mwana, ndiponso tinthu tozungulira tonga mabatani timene timalumikiza mwana ndi chiberekero cha make. Mu bere la madzi mumaoneka madzi akuda bii m'zigawo zopyapyala, mopanda mwana ndi mopanda timabatani. Imeneyi ndiyo njira yotsimikizika ndi yachangu koposa zonse. Kuyeza progesterone m'magazi sikuthandiza, chifukwa homoniyo imakhala yambiri pa bere lenileni ndi pa lonama lomwe.

Makina otere sapezeka pamudzi paliponse. Funsani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu, amene angathe kufunsanso ku ofesi ya zaulimi ya paboma kapena ku likulu la Machinga ADD ku Liwonde. Alimi a m'gulu limodzi angathe kusonkhanitsa mbuzi zonse zokayikitsa tsiku limodzi, kuti ulendo wa dokotala ukhale umodzi ndi mtengo wake ugawanidwe.

Chida chachinayi, chimene mlimi aliyense ali nacho, ndi kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbuzi imene mukuikayikira muipatule kwa atonde onse, ngakhale timatonde tating'ono, pakuti katonde ka miyezi inayi kangathe kupereka bere. Werengani kuyambira tsiku lotsiriza limene inali pamodzi ndi tonde. Ikafuna tonde ili yokha chomwecho, ndiye kuti ilibe bere la mtundu uliwonse, ndipo muipititse kwa tonde. Masiku 160 akakwana isanaswe, isanafunenso tonde, ndipo ikali yathanzi, mungathe kutsimikiza kuti m'mimbamo mulibe mwana wamoyo woyembekezereka. M'chitsanzo chathu tsiku limenelo ndi pa 8 Novembala. Nyengo ya dzinja, pamene mbuzi zili pa chingwe kuopa minda, imatipatsa mwayi wabwino wowerengera motere.

Mankhwala Ake ndi Kuopsa Kwake

Mankhwala a bere la madzi alipo, ndipo amagwira ntchito bwino. Ndi jakisoni wa prostaglandin, mankhwala onga aja chiberekero chinalephera kutulutsa chokha. Amagulitsidwa ndi maina monga cloprostenol ndi dinoprost. Jakisoniyo amasungunula kanthu kachikasu kaja, khomo la chiberekero limatseguka, ndipo pakati pa tsiku limodzi ndi masiku anayi madzi amakhuthuka. Madokotala amabayanso jakisoni wachiwiri pakapita masiku 12, chifukwa anapeza kuti kubaya kamodzi kokha kumasiya madzi ena m'kati ndipo vuto limabwereranso msanga. Pambuyo pa jakisoni wachiwiri mbuzi imafuna tonde pa masiku awiri kapena atatu, ndipo zambiri zimatenga bere lenileni.

Tsono kumbukirani mfundo ija tinakusungitsani. Bere lenileni la mbuzi limadalira kanthu kachikasu komweko kufikira tsiku loswa. Jakisoni ameneyu sasankha. Akabayidwa mbuzi imene ili ndi mwana, kaya wa mwezi umodzi kaya wa miyezi inayi, mwanayo adzatuluka wakufa. Mlimi amene wabaya mongoganizira angathe kupha mapasa ndi ndalama zake zomwe. Chifukwa chake lamulo lathu ndi ili: mbuzi isabayidwe jakisoni ameneyu pokhapokha makina ataonetsa kuti mulibe mwana, kapena masiku 160 atakwana chipatukireni ndi tonde. Kudikira mwezi umodzi woonjezera kungakutayitseni udzu pang'ono chabe, pamene kufulumira kungakutayitseni ana a mbuzi.

Mankhwala amenewa ndi oopsanso kwa anthu, pakuti amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Mayi woyembekezera akawakhudza angathe kupita padera, ndipo munthu wa mphumu angathe kubanika. Popeza m'mabanja ambiri amayi ndi ana ndiwo amasamala mbuzi, botolo la mankhwalawa lisasungidwe m'nyumba. Wobaya akhale dokotala kapena mlangizi wa ziweto, amene adziwa muyeso wake. Safunsa anadya phula.

Tinenenso za jakisoni wina amene alimi ambiri amagula m'masitolo a zaulimi, wa oxytetracycline. Ameneyu ndi wopha tizilombo, ndipo mu bere la madzi mulibe tizilombo. Kumubaya n'kutaya ndalama. Chimodzimodzinso mankhwala a njoka za m'mimba, ndi zitsamba zomwetsa mbuzi kuti iswe msanga. Ndipo wina asayese kubowola mimba ndi chitsulo kapena kulowetsa kamtengo kumaliseche kuti madzi atuluke. Kutero n'kulowetsa matenda m'mimba ya mbuzi imene inali bwinobwino.

Madzi Akatuluka Okha

Kawirikawiri bere la madzi limatha lokha, nthawi zambiri cha pa nthawi imene bere lenileni likadathera, ngakhale lina limatha msanga ndipo lina limapitirira miyezi yambiri. Mlimi amadzuka m'mawa napeza mchira ndi miyendo yam'mbuyo ya mbuzi zili zonyowa, mimba yaphwa, koma mwana palibe, ndi zotsalira zija zimatuluka pambuyo pa mwana palibenso. Amene muli ndi khola lam'mwamba muyang'ane pansi pake, pakuti madzi amadutsa m'mipata ya mitengo ndi kulowa m'manyowa. Mbuzi ina imalira ndi kufunafuna mwana amene sanabadwe, ndipo ina imatulutsa mkaka.

Mukaona zotere, yang'anani madziwo bwino. Ngati ndi oyera, opanda fungo ndi opanda magazi ambiri, ndipo mbuzi ikudya monga mwa masiku onse, musade nkhawa. Muitsuke kumbuyo ndi madzi ofunda kuopa ntchentche, ndipo muuze mlangizi, amene angaone ngati pakufunika jakisoni wotsiriza madzi otsala. Masiku ochepa otsatira mbuzi idzafuna tonde.

Ngati zotulukazo zikununkha, kapena muli magazi ndi tizidutswa ta mnofu, kapena mwapeza kamwana kakufa, imeneyo ndi nkhani ina. Matenda ena opolozetsa ziweto, monga brucellosis, amagwiranso anthu. Musakhudze ndi manja. Valani jumbo kudzanja, kwirirani zonsezo m'dzenje lakuya kumene agalu sangafukule, ndipo musambe ndi sopo. Amayi oyembekezera asayandikire. Mbuziyo muipatule, mkaka wake muuwiritse musanamwe, ndipo mlangizi adziwe tsiku lomwelo. Mbuzi ziwiri kapena zitatu zikapoloza m'mudzi umodzi motsatizana, a Boma ayenera kumva msanga.

Nanga mkota umene wagwidwa kachiwiri? Uphungu wathu ndi wakuti muugulitse. Popeza ndi wathanzi ndipo sunayamwitse, umakhala wonona, ndipo nyama yake ilibe vuto, malinga ngati masiku amene mlangizi wanena pambuyo pa jakisoni akwana. M'dera lathu lino mbuzi imagulidwa bwino pa nyengo ya Khirisimasi ndi pa chikondwerero cha Eid chimene abale athu Achisilamu amapha ziweto. Ndalama zake mugule msoti wa mtundu wina. Pogulitsa nenani zoona, kuti mnzanu asaugule ngati woweta. Ana ake aakazi musawasunge ngati mbewu.

Mawu kwa Magulu Opatsirana Mbuzi

M'midzi yambiri ya Machinga ndi Balaka muli magulu amene analandira mbuzi kwa Boma kapena kwa mabungwe, ndi pangano lakuti ana oyamba aperekedwe kwa banja lina. Apa bere la madzi lingathe kuswa gulu. Anthu onse anaona mkota uli ndi mimba yaikulu, ndipo banja lotsatira linamanga kale khola. Tsiku lina mimba yaphwa, mwana palibe. Ena adzati mwini wake wabisa mwanayo kwa achibale, ena adzati wagulitsa usiku. Iyenso mwini adzayamba kuloza chala mnansi wake, nati wamuchotsera bere la mbuzi m'matsenga. Nkhani yotere ikafika kubwalo la a mfumu, chibale chimakhala chitaonongeka kale.

Tikupempha akomiti a magulu kuti asunge buku limodzi lolembamo tsiku limene mbuzi iliyonse inakweredwa. Mbuzi ikatulutsa madzi, mwini wake aitane anthu awiri a m'komiti m'mawa womwewo, adzaone mchira wonyowa ndi pansi pa khola zisanaume. Ndipo banja loyembekezera lisawerengere mwana amene sanabadwe. Inu alimi a fodya mukudziwa bwino kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Zoyenera Kukumbukira

1. Lembani tsiku limene mbuzi yakweredwa, ndipo muiyang'ane pakati pa masiku 18 ndi 24 otsatira.

2. Mimba yaikulu muione m'mawa mbuzi isanadye, ndipo muyang'anenso msana, zikope ndi kadyedwe kake.

3. Masiku 100 akakwana, fufuzani mwana ndi dzanja mofatsa kudzanja lamanja. Kusamumva sikutanthauza kuti mulibe.

4. Mbuzi yokayikitsa muipatule kwa atonde, ndipo mudziwitse mlangizi wa ziweto.

5. Jakisoni wa prostaglandin abayidwe ndi wodziwa, makina ataonetsa kuti mulibe mwana kapena masiku 160 atakwana, ndipo abwerezedwe pakapita masiku 12.

6. Mkota wogwidwa kawiri ugulitsidwe, ndipo ana ake aakazi asasungidwe ngati mbewu.

Sabata ino lowani m'khola m'mawa ndi buku lanu. Mbuzi yaikazi iliyonse muilembe dzina kapena maanga ake, tsiku limene inaswa komaliza, ndi tsiku limene munaiona ndi tonde. Imene yatha miyezi isanu ndi umodzi isanaswe ndiponso isanafune tonde, mukaitchule kwa mlangizi pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu.